Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Loweruka la alembi ku Limbe

M'gawo lapitali ndinafotokoza mmene ndinayambira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe, ndi mmene ndinkalembera nkhani zanga usiku m'kope. Nthawi yonseyo ndinalibe wondiwerengera. Kunyumba ankadziwa kuti ndimalemba, koma palibe ankafunsa kuti ndikulemba chiyani.

Zinthu zinasintha mu 2012. Loweruka lililonse ndinkaima kwa wogulitsa nyuzipepala pafupi ndi depoti, chifukwa ndilo tsiku limene Weekend Nation imatuluka ndi masamba a Tamvani, Malawi News n'kutuluka ndi Tikambe. Ambiri amathamangira za mpira ndi ndale. Ife ofuna masamba a Chichewa timazindikirana msanga. Ndi pamenepo pamene ndinadziwana ndi mnyamata wa ku Bangwe amene ankafufuza ngati ndakatulo yake yatuluka. Inali isanatuluke. Sabata yotsatira anabwera ndi mtsikana wa ku Chilomoni wolemba nkhani zazifupi, ndipo pasanapite nthawi tinayamba kukumana m'kalasi ya sukulu ina ya mpingo, masana ndikaweruka.

Poyamba tinkangoyamikirana. Wina akawerenga, tonse m'manja, "Zili bwino, achimwene," basi n'kubalalika. Amene anatisandutsa gulu lenileni anali bambo ena opuma pa ntchito ya uphunzitsi, amene tinkangowatchula kuti Aphunzitsi. Iwowa ndi amene anatiuza za Writers Group, gulu la alembi la ku Chancellor College limene linayamba mu 1970. Ophunzira ndi aphunzitsi awo ankakumana kuwerengerana zolemba pa nthawi imene Censorship Board, yobwera ndi lamulo la 1968, inkaunika chilichonse chosindikizidwa. Jack Mapanje, mmodzi wa oyambitsa gululo, anamangidwa mu 1987 ndipo anakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. "Anzanu aja ankadziwa kuti ndende ilipo, koma ankauzana zoona pa zolemba zawo," anatero Aphunzitsi. "Nanga inu mukuopa chiyani?"

Kuyambira tsiku limenelo mawu oti "zili bwino" analetsedwa pokhapokha ukanena chimene chili bwinocho. Lamulo lalikulu linali loti mwini nkhani asamawerenge yekha. Ankapereka pepala kwa mnzake, iye n'kukhala chete mpaka onse atamaliza kuyankhula. Lamuloli ndimaligwiritsabe mpaka lero. Mwini akamawerenga amapuma pamene sanaike mpumiro, amakweza mawu pamene chiganizo chafooka, ndipo omvera amanyengeka. Mlendo amapunthwa pamalo penipeni pamene pali vuto, mwini wake n'kudzimvera yekha.

Tsiku lina mtsikana wa ku Chilomoni uja anabweretsa nkhani ya mayi amene anatuma mwana kuchigayo, mwanayo n'kudyera ndalama ya chigayo. Nkhani inali yabwino mpaka pamene mayiyo anatsegula pakamwa. Anayankhula ndime yathunthu ya malangizo, za kufunika kwa kukhulupirika m'banja ndi tsogolo la achinyamata. Wowerenga atamaliza, Aphunzitsi anavula magalasi awo, nawapukuta ndi nsonga ya malaya.

"Mwana wanga, amayi ako akakwiya amayankhula chonchi?"

Mtsikanayo anaseka mwamanyazi. "Ayi, Aphunzitsi."

"Amati chiyani?"

"Amati, 'Lero udya dzina lako. Chimanga icho, tafuna.'"

M'kalasi monse munali phwete. Aphunzitsi sanaseke. Anamubwezera pepala lake, nati, "Lemba zimenezo. Ndimeyo chotsa." Ine ndinaona ndi maso anga nkhani ikudzuka chifukwa cha mawu asanu ndi awiri ochokera pakhomo pawo.

Vuto limeneli linali la tonse, ndipo ndimalionabe kwa alembi ambiri ongoyamba. Timaganiza kuti Chichewa cholembedwa chiyenera kuvala jekete. Ena amaganiza m'Chingerezi kenako n'kumasulira, moti chiganizo chimatuluka cholondola koma palibe munthu wa mu Ndirande kapena ku Mchinji amene angachiyankhule. Ena amaopa kuti owerenga samva, ndiye amamaliza nkhani ndi ulaliki. Enanso munthu wawo akasowa chochita amangomupha pa ngozi ya minibasi. Panali mwezi wina pamene pafupifupi nkhani iliyonse yobwera inkathera kumanda, mpaka Aphunzitsi analamula kuti mwezi wotsatira asafe munthu.

Zina zinali zazing'ono koma zokwanira kuti mkonzi ataye pepala lako: kusakaniza l ndi r, kulekanitsa mawu oyenera kulumikizidwa, kutumiza masamba ambiri kumene malo ndi ochepa. Aphunzitsi ankabwera ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies, wokutidwa ndi jumbo, ndipo mkangano wa kalembedwe unkathera pamenepo. Anatichenjezanso kuti tisamatumize nkhani imodzi ku nyuzipepala ziwiri nthawi imodzi, komanso tisamapereke pepala lomwe tilibe lina lotsala nalo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu mu Meyi 2012 mitengo inakwera, fotokope yomwe, choncho tinayamba kusonkha kangachepe kuti aliyense akhale ndi chotsala nacho.

Chondivuta kwambiri chinali cha mnyamata wa ku Bangwe uja. Anabweretsa ndakatulo yaitali ya chikondi, ndipo aliyense anapezapo chonena. Iye anamvera mpaka kumapeto monga mwa lamulo, anapinda pepala, natsanzika bwinobwino. Loweruka lotsatira sanabwere, linalonso ayi. Ena ankati msiyeni, mlembi ayenera kulimba mtima. Aphunzitsi anakana. Anati munthu amene wakuonetsa zolemba zake wakutsegulira kuchipinda, ndipo sungatulukemo osathokoza. Anandituma ine, popeza ndine ndinamudziwa poyamba.

Ndinamupeza akuthandiza malume ake kuhokala. Sanafune kukamba za gulu. Tinacheza za mpira, za mitengo ya sopo ndi shuga, mpaka ndinamuuza mizere iwiri ya ndakatulo yake imene inali isanachoke m'mutu mwanga. Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Achimwene, bwanji simunanene tsiku lija?" Kenako analowa mkati, natulutsa ndakatulo yomweyo atailembanso, itafupika ndi theka. Zonse zimene tinamuuza anazimva. Chimene chinamupweteka n'choti palibe anatchula chabwino n'chimodzi chomwe.

Atabwerera, tinawonjezera lamulo lina: woyamba kuyankhula atchule mzere umene waukonda, aunene pamtima ngati angathe. Tinagwirizananso kuti wina akasowa kawiri, mmodzi wa ife azipita kukamuona kwawo.

Chakumapeto kwa chakacho nkhani ya chigayo ija inatuluka m'nyuzipepala, mawu a amayi ake ali momwemo. Mwambo wathu unali woti amene watulutsidwa agule mandasi, ndipo mtsikanayo anabwera nawo m'beseni, amayi ake atakazinga okha. Tsiku lomwelo Aphunzitsi anandiuza kuti nkhani yanga ya mlonda wa pasitolo yakwana kutumizidwa. Za kumene ndinaitumiza, ndi yankho limene ndinalandira, ndidzafotokoza m'gawo likubwerali.