Wogula wakutali amagwira ndi maso

Sabata yoyandikira Kulamba ntchito imandichulukira. Mwambowo umachitika kumapeto kwa Ogasiti ku Mkaika, ku Katete, ndipo aliyense wa bala, wa golosale kapena wa gulu loimba amafuna kuti phokoso lake lipose la mnzake. Ine ndimagula masipika, maampu (zokulitsa mawu) ndi mamikisa (zosakanizira mawu ochokera ku mamaiki ndi zoimbira) akale, kuwakonza, n'kuwagulitsanso. Kashopu kanga kali chakufupi ndi msika wa Kapata ku Chipata, koma ogula ambiri safika pakhomo. Katundu amamuona pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndalama n'kutumiza pa Airtel Money kapena MTN, katunduyo n'kukwera basi.

Lolemba kunabwera bambo wina yemwe bala yake inatsekedwa, atanyamula ampu ya Peavey ndi masipika awiri pangolo. Anati anaziika pa Facebook kalekale koma palibe anaimbako foni. Atandionetsa chithunzi chake ndinamvetsa. Anajambula usiku pabalaza, ndi fulashi, galasi la kamera lili mafuta okhaokha. Chimene chinkaoneka bwino ndi maluwa a pasofa ndi phazi la mwana. Ampuyo inali chimdima chamakona anayi basi. Nditailumikiza inalira bwino ndithu, ndiye ndinagula zonse.

Zida zimenezi pafupifupi zonse ndi zakuda, ndipo chinthu chakuda chimavuta kujambula. Fulashi imangowalitsa fumbi ndi zidindo za zala. Ndiye Lachiwiri ine ndi mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira ntchito, tinayamba ndi burashi, chifukwa fumbi la Ogasiti limalowa paliponse, m'timabowo ta waya wakutsogolo kwa sipika mpaka m'mizere ya mabatani. Kenako tinatulutsira zonse pakhonde m'mawa, dzuwa lisanawawe, pamthunzi koma powala, kumbuyo kuli khoma lopanda kanthu. Chitenje sindiyala pansi, maso a wogula amathera pamaluwa. Kamera timaipukuta kaye, ndipo pojambula timagogoda pasikirini pomwe pali chidacho kuti foni iunike icho osati khoma.

Chithunzi chakutsogolo n'choitanira anthu chabe. Nkhani ili kumbuyo. Kumeneko kuli kachitsulo kolembedwa mtundu wa chida, nambala yake, ndi malaiti amene chimafuna. Kuno ZESCO imatipatsa 230V, pomwe zida zina zochokera ku America ndi za 120V ndipo za ku Japan ndi za 100V. Kulowetsa chotero pasoketi popanda thiransifoma, utsi. Sipika nayo kumbuyo imanena ngati ndi ya 4 ohms kapena 8 ohms, muyeso wa mmene imalemetsera ampu, ndipo wodziwa amafuna aone ngati ampu yake ingakwanitse. Kumeneko ndikonso kumaoneka polowetsa mawaya, kaya ndi XLR, jeki kapena Speakon, ngati mwachita dzimbiri, komanso ngati zomangira zinakumbidwakumbidwa ndi amisiri ena. Mawati, omwe ndi muyeso wa mphamvu ya chida, ndimalemba a RMS, osonyeza mphamvu imene chimakwanitsa mosalekeza. Manambala akuluakulu a PMPO amene amamatidwa pamakatoni aja ndi okopera anthu chabe.

Lachitatu anandilembera Abusa a mpingo wina wa ku Lundazi, akufuna masipika. Mipingo ndiyo imafunsa mafunso kuposa aliyense, ndipo sindiidandaula: ndalamazo ndi za chopereka, zithunzi zimazungulira kwa akulu ampingo onse, msungichuma mpaka mtsogoleri wa kwaya. Anapempha kuti ndichotse waya wakutsogolo aone pepala la sipika. Pa sipika imodzi panali pong'ambika pang'ono m'mphepete, pomwe ndinamata ndi guluu. Ndinaika kamtengo ka machesi pambali pake kuti kukula kwake kudziwike, n'kujambula pafupi.

"Amalume, mukuonetseranji chilema? Pamenepo sangaone n'komwe," anatero mnyamata uja.

Ndinamufunsa kuti amayi ake akamasankha salaula amatani. Amatembenuza chovala kunja kukhala mkati, kuyang'ana msoko ndi m'khwapa. Munthu wa ku Lundazi sangatembenuze sipika ili ku Chipata, ndiye ndiyenera kumutembenuzira ndine. Akakaona chigambacho katundu atafika kale, adzati ndawabera, sipika ibwerere, basi ndilipire kawiri, dzina langa lizitchulidwa moipa pamsonkhano wa mpingo. Abusa atachiona anati, "Bambo, pamenepa mutichotsereko pang'ono." Ndinachotsa, tinagwirizana, theka la ndalama linalowa madzulo omwewo.

Lachinayi malaiti kunalibe mpaka masana, ndipo mikisa ya Yamaha imene ndinkafuna kuika sindikanaijambula yozima. Chida chozima pachithunzi anthu amangoti chinafa. Atabwera tinayatsa, timagetsi tobiriwira tikuoneka, n'kutenga kavidiyo kakafupi ndikukweza tchanelo chilichonse pachokha, ndikulankhula pamaiki. Vidiyo ya pafoni siingakuuzeni kukoma kwa besi, kamaiki ka foni kamatsamwa phokoso likakula. Chimene imatsimikiza n'chakuti mbali zonse zikulira komanso ngati batani likukhwekhwereza polisuntha. Tchanelo chachisanu chinkatero, ndipo ndinachisiya momwemo muvidiyo.

Vuto lina ndi WhatsApp, imene imafinya zithunzi mpaka zilembo za pakachitsulo kaja zimafufutika. Chithunzi chimenecho chokha ndimachitumiza ngati document. Zinazo ndimazisiya zopepuka, chifukwa wogula wa ku Chadiza kapena ku Vubwi amawerengera bandulo yake ndipo netiweki imabwera mwa apo ndi apo.

Lachisanu mnyamata wina anabweretsa mamaiki olembedwa Shure SM58. Maiki imeneyi inatuluka mu 1966 ndipo oimba amaikonda mpaka lero, n'chifukwa chake zabodza zake zadzaza. Kungoinyamula m'manja ndinamva kupepuka. Ndinamasula kamutu n'kujambula mkati, ndipo polemba ndinanena kuti ndi yofanizira, mtengo wakenso wa yofanizira. Ena amatenga chithunzi cha maiki yeniyeni pa intaneti n'kutumiza inayo. Ogula anachenjera, masiku ano amakuuza kuti ulembe deti papepala uike pambali pa katundu. Ine ndimaika kapepalako asanapemphe. Nambala ya chida ndimaijambulanso n'kusunga pamodzi ndi chitupa cha NRC cha wondigulitsa, chifukwa mamikisa ndi maampu amabedwa m'matchalitchi, ndipo sindifuna kukafotokoza ku polisi ndilibe pogwira.

Loweruka tinamanga masipika a Abusa. Ndinawajambula asanalowe m'katoni, kenako katoni ili yomanga, kenako ili m'manja mwa kondakitala pasiteshoni, nambala ya basi ikuoneka. Msewu wa ku Lundazi umagwedeza katundu, ndipo pakona pakaphwanyika pamafunika kudziwa kuti panaphwanyikira kuti. Ampu ya Peavey ija anaitenga mayi wina wa ku Katete wokonzekera malonda a pa Kulamba, yemwe funso lake loyamba linali la 230V ya pakachitsulo. Mikisa ikadali pashelefu. Amene anaifunsa akuti adikira batani la tchanelo chachisanu, lomwe ndaitanitsa ku Lusaka.