Lachitatu: madzi ofiira pa tebulo lozungulira

Ndinalawirira ku labotale chifukwa thanki imafuna nthawi. Ukathira madzi amchere n'kuyatsa tebulo, umayenera kudikira mpaka madzi onse atayamba kuzungulira limodzi ndi thankiyo, popanda kagawo kotsalira m'mbuyo. Bambo amene amasamalira zipangizo anandipeza ndikusuzumira m'mphepete. "Musagwire tebulo, achimwene, madzi asanakhazikike," anatero, ndipo ndinabwerera pampando.

Tebulo lathu ndi laling'ono. La ku Grenoble, ku France, ndi la mamita 13 m'mimba mwake. Koma ntchito yake ndi imodzi: kutsanzira kuzungulira kwa dziko lapansi, kumene kumakhotetsa chilichonse choyenda mtunda wautali, monga anafotokozera Gaspard-Gustave de Coriolis mu 1835. Ife tinalizunguza motsata mivi ya wotchi kuti likhale ngati theka lakum'mwera la dziko lapansi.

Titatsegula kampopi, madzi opanda mchere, oimira mtsinje wothira m'nyanja, amene tinawathira utoto wofiira, anatuluka n'kuyandama pamwamba. Kusiyana kwake n'kochepa: lita ya madzi a mumtsinje imalemera pafupifupi magalamu 1,000, ya m'nyanja yamchere pafupifupi 1,025. Koma kakusiyana kameneka n'kokwanira. Madzi ofiira aja sanamwazike m'thanki monse. Anakhotera kumanzere, n'kukakamira kuchipupa, n'kuthamanga ngati kamzere kopyapyala kokhala ndi mutu wakuthwa.

Masana ndi pamene panali nkhani. Tinaika pansi potsetsereka pang'onopang'ono m'malo mwa chipupa choongoka, madzi omwewo, liwiro la tebulo lomwelo. Mutu wa mzere uja unayenda mozengereza, ndipo kumbuyo kwake utoto unkatambasuka. Ndinayang'anitsitsa pa kamera yomwe imazungulira limodzi ndi tebulo. Tinyenyeswa ta pepala tomwe tinawaza pamwamba tinkangokwawa kufupi ndi gombe, pamene madzi ofiira akhudza pansi. Kunja, pamalire a ofiira ndi amchere, tinkathamanga. Zinandigwira mtima kuona ndi maso zimene ndakhala ndikuwerenga pa pepala.

Chifukwa chake n'chakuti pansi pamakhuza madzi. Kukhuzako kumachepetsa liwiro la madzi apansipansi, ndipo madzi ochedwawo amakankhidwira kunja, kutali ndi gombe. Phazi la malire aja, pamene malirewo amakhudza pansi, limasunthira kwakuya mpaka pamene madzi apansi asiya kuyenda, n'kuima pomwepo. David Chapman ndi Steven Lentz analemba zimenezi mu 1994. Mu 2002 Lentz yemweyo ndi Karl Helfrich, a ku Woods Hole ku America, anaonetsa m'thanki kuti pali mitundu iwiri. Pansi pakakhala potsetsereka kwambiri, madzi opepuka amakhala pamwamba n'kuthamanga ngati ali pachipupa. Pakakhala potsetsereka pang'ono, pansipo ndi pamene pamalamula: mzere umakula m'lifupi, mutu umachedwa. Kwa ine apa ndi pofunika kuposa china chilichonse, chifukwa munthu akangodziwa kuchuluka kwa madzi a mtsinje koma osadziwa maonekedwe a pansi pa nyanja, sangathe kunena kumene madziwo akafike ndi nthawi yake.

Ku theka lakumpoto la dziko lapansi zimatembenuka. Madzi otuluka ku Chesapeake Bay, ku America, amakhotera kumanja n'kutsika kum'mwera m'gombe la Virginia ndi North Carolina.

Madzulo, tikutsuka thanki, mnzanga anandifunsa chifukwa chimene ndinaumirira kuzunguza tebulo ngati kum'mwera. Ndinamujambulira mapu. Madzi otuluka m'nyanja ya Malawi pa Mangochi amatsika ndi Shire, n'kulowa mu Zambezi, n'kukathira m'nyanja ya Indian kufupi ndi Chinde. Akafika kumeneko amakhotera kumanzere, kulowera kumpoto chakum'mawa cha ku Quelimane, pamwamba pa Sofala Bank, malo otakata ndi osaya kumene asodzi a ku Mozambique amakola ma prawn. Matope ndi chonde chimene mtsinje wanyamula zimatsata njira yomweyo. Kumeneko kulinso mphepo ndi mafunde okwera n'kutsika amphamvu, zomwe thanki yathu ilibe, ndipo zimatha kusakaniza madziwo kapena kuwakankhira kwina.

Mawa tichulukitsa madzi otuluka pakampopi, monga zimakhalira Zambezi ikadzaza nyengo yamvula. Masamu akuti phazi la malire lisunthira kwakuya. Ndaika kale zizindikiro pansi pa thanki kuti tikayeze.