Mabokosi anga opanda chipolopolo

Mayi akunyumba amatcha chipinda chathu chakumapeto kuti "kukambi". Mlendo akafika amamuchenjezeratu ali pakhomo: "Musadabwe mukaona zitsulo za abambo akunowa. Si achiwembu ayi, ndi matenda chabe." Matenda akunenedwawo ndi mabokosi 15 achitsulo amene kale ankasungiramo zipolopolo, komanso timapaketi 6 ta mapepala. Zonsezi mulibe kanthu. Ndayamba ndi kunena zimenezi dala, chifukwa kuno ku Nkhotakota nkhani imathamanga kuposa kabaza, ndipo sindikufuna kuti mawa lino ndimve kumsika kuti aphunzitsi aja akusunga zida. Lamulo la mfuti m'dziko muno silisewera: kusunga ngakhale chipolopolo chimodzi popanda chilolezo ndi mlandu. Mwana wasukulu wina anandibweretserapo kachitini kali ndi zipolopolo zitatu zadzimbiri, akuti anakafukula m'munda mwa amalume ake. Sindinakalowetse m'nyumba. Tinadzera kwa amfumu, kenako kupolisi, ndipo kachitiniko sindinakapemphe n'komwe.

Bokosi loyamba sindinagule. Linali la agogo aamuna, bambo awo a bambo anga, amene anali msilikali wa Keyala. Achinyamata a lero sadziwa kuti dzinali ndi zilembo zitatu za K.A.R., King's African Rifles, zimene pakamwa pa anthu athu zinafewa n'kukhala Keyala. Agogo analembedwa usilikali ku Zomba, ndipo mu 1944, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anali ku Burma pamodzi ndi asilikali ena a kuno ndi a kum'mawa kwa Africa, m'chigwa cha Kabaw, kumene mvula ndi malungo zinkagwetsa anthu osayembekeza Mjapani. Za nkhondoyo sankakamba zambiri. Ankangoti matope a kumeneko ankavula munthu nsapato. Tikawafunsa kuti bokosilo analitenga bwanji, ankaseka n'kunena kuti, "Linandiperekeza lokha."

Linali bokosi la magazini 12 a mfuti ya Bren, lachitsulo chokhuthala, lokhala ndi chogwirira. Koma ine pokula sindinkalidziwa ngati chinthu cha nkhondo. Linali banki ya pakhomo. Munkakhala ziphaso za msonkho, makhadi a chipani amene munthu sankalowa nawo mumsika akawaiwala, mamendulo awiri okulungidwa m'kansalu, buku la mapemphero, singano yosokera matumba, ndi ndalama za mpunga zikabwera mu Juni. Linkakhala pansi pa bedi, ndipo mwana wolikhudza ankalawa mkwapulo. Agogo akalitsekula linkalira kwiii, n'kutulutsa fungo la girisi wakale losakanikirana ndi fodya. Fungolo ndimalimvabe ndikatseka maso.

Agogo atatisiya mu 1998, bokosilo linagwera ine. Apa m'pamene ndinachita chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero. Ndinaliona kuti lada, penti wake wobiriwira wayamba kusupuka, ndipo m'mbali muli zilembo zachikasu zosaoneka bwino. Ndinati ndiwalemekeze agogo. Ndinagula sandipepala, ndinalikwecha Loweruka lonse mpaka chitsulo chinawala, kenako ndinalipaka penti wabuluu wotsala pa chitseko cha kukhitchini. Ndinakhutira ndithu, ndinaitana ndi anansi kuti adzaone.

Patapita zaka zingapo ndinali pa maliro ku Salima, ndipo usiku pamoto ndinakhala moyandikana ndi bambo wina wopuma usilikali, amene anaphunzitsapo anyamata ku sukulu ya asilikali ya MAFCO. Ndinamufotokozera za bokosi langa monyadira. Anandifunsa kuti m'mbali mwake munalembedwa chiyani. Nditamuuza zimene ndinachita, anangogwira pakamwa. "Aphunzitsi, inu amene mumaphunzitsa ana kuwerenga, mwafufuta chiphaso cha bokosi? Chitsulo n'chitsulo basi, chili ponseponse. Chimene chikanakuuzani kumene agogo anu anadutsa ndi zilembo zija." Ndinasowa choyankha. Nditabwerera kunyumba ndinalitembenuza bokosilo padzuwa, ndikupeza kuti zatsala zinthu ziwiri zokha zimene sandipepala analephera kuchotsa chifukwa zinadindidwa m'chitsulo momwe: chaka cha 1943, ndi kachizindikiro konga phazi la nkhuku. Kaphazi kameneko ndi muvi umene boma la Britain linkadinda pa katundu wake aliyense, kuyambira mfuti mpaka supuni ya msilikali, kuti wakuba asakane.

Kusonkhanitsa kwanga kunayambira pa manyazi amenewo. Ndinkafuna kupeza mabokosi ena amene munthu wopusa ngati ine sanawafikire, kuti ndiphunzire kuwerenga zimene ndinafufuta.

Ndipo zilembozo zimayankhuladi. Pa bokosi la zipolopolo amalembapo kukula kwa chipolopolo, kuchuluka kwake, fakitale imene inapanga, chaka, ndi nambala ya gulu limene zinapangidwira limodzi. Nambala ya guluyo si yokongoletsa. Zipolopolo zikayamba kukana kuphulika kunkhondo, akuluakulu amayang'ana nambalayo n'kulamula kuti mabokosi onse a gulu limenelo abwezedwe. Pa a ku Britain mumapeza .303, chipolopolo cha mfuti ya Lee-Enfield imene agogo ankanyamula, ndiponso zilembo ngati RG, kutanthauza fakitale ya Radway Green, kapena K ya Kynoch ku Birmingham. Limodzi mwa anga lili ndi PMP, ya ku Pretoria, ndipo ndi la 7.62, la m'nthawi imene mfuti zatsopano zinalowa m'malo mwa Lee-Enfield. Ndikaliyang'ana ndimakumbukira kuti m'masiku a Kamuzu dziko lathu linkagwirizana ndi boma la azungu a ku South Africa pamene anzathu ena ambiri anali atalifulatira. Zimenezi ndinkaphunzitsa m'kalasi kuchokera m'buku, koma kuzigwira ndi manja n'kwina.

Mabokosi abwino kwambiri pa ntchito, ndivomere ngakhale mtima wanga uli kwa a Keyala, ndi a ku America. Lalikulu limatchedwa M2A1, la zipolopolo za .50, ndipo lowonda lake ndi M19A1. Chivundikiro chake chili ndi mphira kuzungulira mkati, ndipo chotsekera chake ukachikanikiza chimafinya mphirayo moti madzi salowa. Asodzi anazindikira zimenezi kalekale. Langa ndinalipeza kwa msodzi wa ku Chia, amene ankaikamo foni, machesi, tochi, mbedza ndi ndalama akamapita pa nyanja. Ndinamuyendera katatu. Ulendo woyamba ndinamupatsa bigili latsopano la chivundikiro, iye n'kuseka. "Madala, mwera ukauka bigili lanulo limatsekuka lokha. Ili bwato litagubuduka ndinalipeza likuyandama, machesi ali ouma." Anadzalola pokhapokha nditamupezera lina lofanana nalo, lopakidwa kale penti, kwa ogula zitsulo zakutha ku Kamuzu Road, n'kuwonjezapo ya mafuta a injini. Iye anapeza bokosi, ine ndinapeza zilembo. Aliyense anachoka akuganiza kuti wamupusitsa mnzake.

Ogula zitsulo zakutha amenewa ndi abwenzi anga komanso adani anga. Amagula pa sikelo, ndipo kwa iwo bokosi la 1943 ndi mkombero wa njinga n'chimodzimodzi. Lole ikabwera zonse zimapita kokasungunula. Ndinawasiyira nambala yanga awiri a iwo, koma taonani, kungodziwa kuti pali mdala wofuna zinthu zotere, mtengo unakwera katatu.

Pali chitini chimodzi chimene ndimasunga koma sindichikonda. N'cha ku Soviet Union, cha zipolopolo za AK-47. Zitini zimenezi sizinali ndi chivundikiro. Ankazimata ngati za nsomba za m'chitini, ziwiriziwiri m'bokosi lamatabwa pamodzi ndi chotsekulira chake, ndipo ukangodula basi sichitsekekanso. Pamwamba pali 7,62 (iwo amalemba ndi chizindikiro cha koma, osati kadontho), zilembo zawo zija, china chonga mafelemu a chitseko chimene kwa iwo ndi P, ndi nambala 539, ya fakitale ya ku Tula. Ndinachipeza kwa mlamu wanga ku Dedza, nkhuku zikumweramo madzi. Chinadutsa malire m'nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique, imene inathawitsira kuno anthu oposa miliyoni imodzi isanathe mu 1992. Amene tinalipo tikukumbuka kuti nkhondo itatha mfuti zija sizinabwerere zonse, ndipo m'zaka zotsatira eni magolosale ankagona ndi mantha. Chimakhala pansi penipeni pa shelefu.

Timapaketi ta mapepala ndiye timandisowetsa tulo. Tinayi ndi ta Kynoch, tachikasu ndi zolemba zofiira, ta zipolopolo zazikulu za .404 Jeffery ndi .375, zophera njovu, mvuu ndi njati. Tiwiri ndi ta Eley, ta mfuti ya mbalame, kuyambira nthawi imene zigoba zake zinali za pepala osati pulasitiki. Tonseti ndinapatsidwa ndi mayi wina wachikulire amene bambo ake anali a gemu m'nkhalango ya Nkhotakota nthawi ya atsamunda, ankaitanidwa njovu zikalowa m'minda kapena ng'ona ikagwira munthu pa Bua. Mayiyo ankasungiramo mabatani ndi mikanda. Kudziwa zaka zake n'kosavuta ukadziwa poyang'ana: Eley ndi Kynoch analowa m'kampani ya ICI imene inakhazikitsidwa mu 1926, ndipo mu 1962 gawo lake lopanga zipolopolo linatenga dzina la IMI. Kapaketi kali ndi ICI n'ka pakati pa zaka zimenezo. Zimandiseketsa kuti nkhalango yomweyo, imene njovu zake zinatsala pang'ono kutheratu ndi opha mozemba, inalandira njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017 zochokera ku Liwonde ndi Majete, zitakwera malole ngati mabwana. Adzukulu anga amadziwa njovu za pa lole, kapaketi ka.404 akakaona amayesa ka sopo.

Pepala m'mphepete mwa nyanja muno lili ndi adani atatu: chinyontho cha dzinja, mphemvu zimene zimadya guluu, ndi chiswe. Kamodzi ka Eley kanadyedwa ngodya ndisanaphunzire. Tsopano timapaketi tonse timakhala m'bokosi la msodzi lija, pamodzi ndi timatumba toyamwa chinyontho timene ndimatola m'mabotolo a mankhwala ndi m'makatoni a nsapato. Mabokosi achitsulowo sindiwakwechanso. Kansalu kouma, kaburashi kofewa ka mano pa dzimbiri, kadontho ka oyilo wa makina osokera pa mahinjesi, kwatha. Amakhala pa matabwa, osati pa simenti.

Limene ndimalifuna koposa ndi bokosi lamatabwa la nkhondo ya 1914, la zogwirira za chingwe. Nkhondo imeneyo inafika pa nyanja yathu mu Ogasiti 1914, pamene sitima ya Angerezi ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, tsidya la nyanja kumene lero ndi Tanzania, kenako kunamenyedwa ku Karonga mu Seputembala. Kumtunda misewu ya magalimoto inali yochepa, ndiye mabokosi ambiri a zipolopolo ankayenda pamitu pa anthu a mtengatenga, ogwidwa m'midzi mokakamiza kudzera kwa mafumu. Ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi kuzizira kwa m'mapiri. Agogo awo a mayi anga anali m'gulu limenelo. Asilikali ali ndi chipilala chawo ku Zomba, ali ndi mamendulo, alinso ndi magule a malipenga ndi mganda amene amatsanzira perete wawo. Wamtengatenga anabwera ndi chipsera pa liwombo. Ndafunsa m'midzi kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Benga, ndipo yankho ndi limodzi: linalipo, ankakhalira agogo pakhonde, chiswe chinamaliza.

Sabata yatha mayi akunyumba, omwe aja a "matenda chabe", analowa kukambi n'kuima nthawi yaitali akuyang'ana shelefu. Gulu lawo la banki m'khonde lawasankha kukhala osunga bokosi, ndipo limene ali nalo ndi la malata opyapyala, loti mwana akhoza kuliboola ndi msomali. "Bambo a ana, tibwerekeni lowondalo." Ndinati tengani, bola musalipake penti. Anavomera. Kenako anati pafunika owotcherera aikepo zokolekera maloko atatu, poti makiyi amasunga anthu atatu osiyana. Kuwotcherera kungapsereze zilembo za mbali yonse yakutsogolo, pamene pali nambala ya gulu. Ndinakana. Anandikumbutsa kuti ndalama zimene ndinagulira bokosi lomwelo ndinakongola ku banki yomweyo, ndipo chiwongoladzanja anabweza ndi iwo.

Ndawapatsa la agogo, labuluu lija. Zilembo zoti zipse palibepo, ndipo ntchito yosunga ndalama za mpunga linaizolowera kale. Mmisiri ndamuuza kuti asayandikize moto pa 1943 ndi pa phazi la nkhuku, ndipo Lachiwiri ndikakhala pomwepo akamawotcherera.