Mbiri ya moyo wanga, gawo 12: Chithunzi cha abambo

Ndinalonjeza kuti sabata ino ndipitiriza nkhani ya ukwati wanga woyamba, koma mundikhululukire, mtima wakana. Zikomo mayi a ku Mabvuku amene munalemba kuti gawo lapitalo munawawerengera amayi anu okalamba, komanso inu achimwene a ku Leeds amene simuphonya. Lero ndinena za katuni.

Loweruka mdzukulu wanga, uja wa mwana wanga wachisamba, anabwera kuno ku Mufakose, mu Harare, ndi laputopu ya amake. Magetsi anali atathima chim'mawire, ndiye tinakhala pamkeka, iye n'kundiikira filimu ya Coco, ija ya Pixar ya 2017. Ine maso theka, manja ali kusadzula nkhwani.

Nkhani yake ndi ya ku Mexico, kumene pa 1 ndi 2 Novembala amakumbukira akufa awo. Amaika zithunzi zawo pathebulo, makandulo, maluwa ndi zakudya zimene ankakonda. Mufilimumo akufawo amawoloka mlatho wa maluwa kudzaona abale. Koma asanafike pamlathopo pali ofesi. Pali mzere, pali kalaliki, pali makina oyang'ana nkhope. Chithunzi chako chikapezeka kuti kwanu anachiika, dutsa. Chikapanda kupezeka, bwerera.

Nkhwani ndinaisiya pomwepo. Mzere umenewo ndimaudziwa. Ndinaimapo kuyambira mbandakucha ndi chitupa changa chachitsulo chondilemba kuti ndine mlendo m'Zimbabwe muno, dziko limene mchombo wanga unagwera. Mpaka malamulo atsopano a 2013 ndi pamene ife obadwira kuno kwa makolo ochokera m'mayiko oyandikana nalo anativomera kuti ndife nzika. Amene anajambula katuniyo mwina ankaganiza za malire akwawo, koma ine ndinaona kawindo kaja ndinkabwezedwapo.

Kenako anaonetsa kumene amakhala oiwalikawo. Pamwamba mzinda wowala, woimba wotchuka ali m'nyumba yosanja, mphatso mbwee. Kunsi, m'mphepete mwa madzi, tizisakasa tamatabwa, ndipo poti anthu ake alibe abale amangoitanana msuweni, malume. Abale anga, si Mbare ya muno mu Harare imeneyo? Abambo ndi anzawo, wina wa ku Dedza, wina wa ku Ntcheu, wina wa ku Tete, wina wa ku Chipata, tonse tinkawati amalume. Kunja ankatinena mabhurandaya, mabwidi, anthu opanda mfunda. Iwo ankasonkherana m'sosaite ya maliro kuti mnzawo akafa asaikidwe ngati galu. Mufilimumo nkhalamba ina inazimirira ili gone, chifukwa munthu womaliza woikumbukira padziko anali ataiiwala. Ati imeneyo ndiyo imfa yomaliza.

Mwanayo anaimitsa filimu n'kufunsa: "Gogo, nanga chithunzi cha abambo anu chili kuti?"

Amene mwandiwerenga kuyambira gawo loyamba mukudziwa kuti abambo anachoka kwawo ku Dedza ali mnyamata, nadzagwira ntchito yophika kwa mzungu mpaka msana kupindika. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha. Chakuda ndi choyera, cha ku situdiyo, atavala jekete yobwereka yowakulira m'mapewa, dzanja lili pa kathebulo ka maluwa apulasitiki. Sankamwetulira. Ndinkachibayika m'mbali mwa galasi la wadirobu, mu kabini ija ndinkachita lendi kuseri kwa nyumba ya eni ku Mbare.

Mu 2005, nyengo yozizira, kunabwera Murambatsvina, ntchito ya boma yogumula nyumba zimene linkati n'zosaloledwa. Anatiuza kuti tigumule tokha makatapila asanafike. Ndinatulutsa ana, mabulangete, mapoto, makina osokera. Wadirobu inakana kutuluka pakhomo, anyamata n'kuiphwanya ndi nkhwangwa. Usiku tinagona panja, chisanu chikulowa m'mafupa, ndipo matabwa a wadirobu yomweyo ndi amene tinasonkha moto kuti wakhanda asaume. Ndine ndinkaponya matabwawo pamoto ndi manja angawa. Kutacha ndinakumbukira. Ndinafukula phulusa ndi zala, ndinatembenuza njerwa iliyonse, ndinafunsa ana oyandikana nawo. Galasi ndinalipeza lili zidutswazidutswa. Abambo ayi. Tsiku limenelo ndinalira kuposa tsiku tinawaika, mpaka anthu ankayesa ndikulira nyumba.

Ndiye mdzukulu uja anati: "Ndiye kuti sawoloka mlatho?"

Apa ndiyankhenso inu amene munalemba kuti ndinanyoza abale a ku Dedza mu gawo 9. Sindinanyoze munthu. Ndinanena zimene ndinamva ndi makutu anga. Nditapita kukanena za imfa ya abambo, azakhali anandiyang'ana n'kuti: "Mtchona ameneyo ife tinamumetera kalekale." Anawalira akadali moyo, akuphika ku Harare, n'kutseka nkhani. Mpaka lero mawu amenewo amandibaya. Kumudzi kulibe chithunzi chawo, kulibe mwana wotchedwa dzina lawo. Potsata lamulo la katuni ija, abambo anga ndi a m'tizisakasa.

Koma ine ndikukana. Filimuyo ndi yokoma, ndinalira nayo, koma pamenepo sindigwirizana nayo. Sindikhulupirira kuti kutsidya kwa manda kulinso kalaliki, kuti wosauka amene anabwezedwa pamawindo moyo wake wonse akabwezedwenso atafa chifukwa ana ake analibe pobisa kapepala. Ndine wa CCAP, ndipo pa Yesaya 49 ndinaphunzira kuti ngakhale mayi ataiwala mwana woyamwa, Mulungu saiwala, anatilemba m'zikhato zake. Abambo anali a gule wamkulu, ankati mizimu sipita kutali, imakhala pafupi ndi ana ake. Ena mudzati ziwirizi sizikhalira pamodzi. Mwa ine zakhala zaka zonsezi. Usiku umene mwana wanga anadwalika m'chipatala ndinawalota ataima pakhomo, jekete yomwe ija, osalankhula kanthu, ndipo ndinadzuka mtima uli m'malo. Sanaonetse chitupa kwa aliyense.

Ndinamuuza mdzukulu uja kuti amawoloka, ndipo amabwera kuno. Anakhala chete, kenako anatenga kope la kusukulu ndi pensulo. "Ndiuzeni nkhope yawo, gogo."

Ndinayamba ndi makutu, akuluakulu, otambasuka. Mpata wa mano akutsogolo. Mphini ziwiri pafupi ndi diso lamanzere. Chipsera cha mafuta otentha padzanja. Ndinadabwa kuti zonse zikadali m'mutu mwanga, ngakhale mmene ankakandira chibwano asanayankhe munthu. Batire la laputopu linatha filimu isanathe, ife osazindikira.

Mphuno anaiphonya, koma makutu ndi omwewo. Pepalalo ndalimata pakhoma pafupi ndi kalenda ya mpingo, pamwamba analembapo dzina lawo, nditamutchulira chilembo chimodzichimodzi. Za ukwati uja, sabata yamawa.