Mbalame imene imathawa mitengo

Amalume ataona zithunzi zimene ndinatumiza pa WhatsApp, za anyamata akugwetsa mitengo ya juniper kumapiri a Owyhee, m'chigawo cha Idaho ku America, anandiimbira foni usiku womwewo. "Mphwanga," anatero, "unapita kukaphunzira zosamala chilengedwe, nanga izi ndiye ziti? Kuno akutiuza kuti tidzale mitengo, inu uko mukudula?" Ndinawayankha kuti, "Amalume, mitengo imeneyi ikulanda malo a mbalame." Mayunitsi sakanalola kuti ndifotokoze zonse, choncho ndalemba pano kuti iwo ndi ena amene anadabwa awerenge modekha.

Mbalameyo ndi sage-grouse. Imapezeka m'zigawo 11 zakumadzulo kwa America, kuphatikizapo Idaho kumene ndikukhala, komanso ku Alberta ndi Saskatchewan m'dziko la Canada. Kwina kulikonse kulibe. Mukaiona ikuyenda pansi mungati ndi nkhanga yaikulu yotuwa. Tambala wake amatha kufika makilogalamu 3, thadzi pafupifupi theka lake. Moyo wake wonse wagona pa chitsamba chimodzi chotchedwa sagebrush, chotuwa, chofika m'chiuno, cha fungo lamphamvu ndi masamba owawa. Chitsambachi ndi cha banja la Artemisia, pachibale ndi chomera chimene amapangira LA, mankhwala a malungo amene tonse tinamwapo. Thadzi limaikira mazira pansi pa chitsambachi, anapiye amabisala momwemo, ndipo nyengo ya sinowo ikafika mbalameyi imadya pafupifupi masamba ake okhaokha. Nthutumba yake si yolimba moti n'kupera njere zouma. Chitsambachi chikatha pamalo, mbalameyo ilibe pena pogwira.

Ntchito yowerenga mbalamezi imachitika kuyambira Malichi mpaka Meyi, atambala akamasonkhana pabwalo lawo lovinira, limene ofufuza amati lek. Timanyamuka kudakali mdima wa ndiweyani, chifukwa kuwerenga kumayamba dzuwa lisanatuluke ndipo likangokwera pang'ono mbalame zimabalalika. Galimoto timaimika chapatali, injini n'kuzimitsa, osatuluka. Zala zimachita dzanzi ndi chisanu. Choyamba chimene umamva ndi phokoso, phu, phu, ngati china chake chikuphulikira pansi pa madzi. Kukayamba kuyera umaona timadontho toyera pabwalo, ndizo zifuwa za atambala. Aliyense watambasula mchira wa nthenga zosongoka, mapiko wagwetsa, kenako amakoka mpweya, n'kutukumula matumba awiri achikasu pachifuwa, n'kuwaphwetsa mwamphamvu thupi lonse n'kugwedezeka. Mathadzi amangoyendayenda pakati pawo mosathamanga, ndipo mapeto ake ambiri amasankha tambala mmodzi kapena awiri, ena onsewo avinira pachabe. Timawerenga atambala, n'kubwerezanso kangapo, n'kulemba nambala yaikulu koposa.

Atambala amabwerera pabwalo lomwelo chaka ndi chaka, mibadwomibadwo, n'chifukwa chake kuwerengaku kuli ndi phindu. Pali mabwalo amene anthu akhala akuwerenga kwa zaka zoposa 50. Mu 2021 bungwe la U.S. Geological Survey litasonkhanitsa manambala onsewa, linapeza kuti mbalamezi zachepa ndi 80 peresenti kuchokera mu 1965, ndipo pafupifupi 40 peresenti kuchokera mu 2002 mokha. Nambala imeneyi imakulasa mtima tsiku limene wafika pabwalo lolembedwa pamapu, wadikira mpaka dzuwa kutuluka, n'kulemba ziro papepala.

Tsono za mitengo ija. Kale juniper ankamera m'zitunda zamiyala, kumene moto sunkafika. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunabwera ng'ombe ndi nkhosa zambirimbiri zimene zinadya udzu umene unkayendetsa moto, kenako boma linayamba kuzimitsa moto uliwonse, ndipo mitengoyi inatsikira m'madera a sagebrush. Ikachuluka imamwa madzi, zitsamba ndi udzu pansi pake n'kufa. Koma mbalame imathawa zisanafike n'komwe pamenepo. Kwa iyo mtengo ndi pokhalira adani: chiwombankhanga chimene chimagwira zazikulu, ndi khwangwala amene amakhala pamwamba n'kumayang'ana kumene thadzi lalowera kuti akadye mazira. Kafukufuku wa ku Oregon wa mu 2013, wotsogozedwa ndi Sharon Baruch-Mordo, anapeza kuti pamene mitengo yaphimba malo oposa 4 peresenti panalibe bwalo ndi limodzi lomwe limene linali likugwirabe ntchito. Malo a 4 peresenti ndi mitengo ya apo ndi apo, munthu wodutsa sangaone vuto. Kumapiri a Warner, ku Oregon komweko, anadula mitengo mbali ina, ina n'kuisiya, ndipo atatsatira mathadzi ovekedwa timawailesi kwa zaka zingapo anapeza kuti kodulidwako mbalame zinkawonjezeka mofulumira ndi pafupifupi 12 peresenti. N'chifukwa chake ku Owyhee kuli ntchito yaikulu yodula juniper pamalo oposa maekala 600,000.

Amalume ndinawakumbutsa za ku Mulanje, kumene paini wochokera ku Mexico anafalikira pamwamba pa phiri mpaka anthu anachita kumudula kuti zomera za pamenepo zipume. Kusiyana kwake n'kwakuti juniper ndi wa konkuno, wangopyola malire. Ndipo pamenepa m'pofunika kusamala. Mitengo yakale ya m'miyala, ina ya zaka mazana ambiri, sayenera kuikhudza, ndipo kumwera, ku Nevada ndi Utah, kuli mbalame ina yotchedwa pinyon jay imene imadalira nkhalango zoterezi ndipo nayo ikutha. Amene amadandaula za iyo sakulakwa. Ine ndimagwirizana ndi kudula timitengo tatsopano tolowerera m'tchire limene sagebrush adakali moyo pansi pake, osati kupulula phiri lonse.

Komabe mitengo ndi vuto lopepukirapo, poti ukadula lero, tchire limene linali pansi lija limapitiriza moyo. Chimene chimandisowetsa tulo ndi moto.

Pali udzu wotchedwa cheatgrass umene unachokera ku Europe ndi Asia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Umamera msanga, zomera za kuno zisanadzuke, umamwa chinyezi chonse, pofika Juni wauma kale. Kale pakati pa chitsamba ndi chitsamba pankakhala mipata, moto ukayaka sunkapita patali. Udzuwu umadzaza mipata yonseyo, ndiye mphezi ikangogwa moto umathamanga ndi mphepo. Sagebrush akapsa ndiye kuti wafa, saphukiranso pachitsa. Cheatgrass amabwerera chaka chotsatira atachuluka kuposa kale, moto n'kudzabweranso zitsamba zisanakule. Mu Ogasiti 2015 moto wotchedwa Soda unatentha maekala pafupifupi 280,000 kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Boise, likulu la Idaho. Mu 2018 moto wa Martin ku Nevada unatentha oposa 400,000. Choipitsitsa n'chakuti mbalameyi ndi yokakamira pamalo. Moto wa Holloway wa mu 2012 utadutsa kumalire a Oregon ndi Nevada, ofufuza anaona mathadzi akubwerera kukaikira mazira komwe kunapsako, popanda pobisala penipeni, ndipo zisa zambiri zinawonongeka.

Kubwezeretsa tchire lopsa ndi ntchito yowawa. Mbewu ya sagebrush imakhwima mu Novembala ndi Disembala, kukuzizira koopsa. Timapita ndi timatabwa ndi nsalu zomangidwa pamkombero, wina kugwira nsalu pansi pa chitsamba, wina kumenya ngala zake. Chimene chimagwa ndi fumbi lotuwa, zinyalala ndi timasamba, mbewu yeniyeniyo ndi kadontho kovuta kukaona, ndipo m'kilogalamu imodzi mumakhala zoposa miliyoni. Fumbilo limalowa m'mphuno ndi m'maso, zovala zimanunkha chitsambacho mpaka kunyumba. Mbewuyi ikagwa yokha sipita kutali ndi mayi wake, komanso sikhalitsa m'nthaka, kotero pakati pa malo opsa a makilomita ambiri palibe kumene ingachokere pokhapokha munthu aibweretse. Boma limaiwaza ndi ndege nyengo ya sinowo. M'mapiri mmene muli chinyezi imamera ndithu. M'zigwa zotentha, kumene mvula ya chaka chonse siposa mamilimita 300, nthawi zambiri ndalama zimangolowa m'madzi, makamaka ngati mbewuyo inatengedwa kudera la nyengo ina.

Njira yodalirika ndi mbande za m'machubu, zodzala ndi manja, imodziimodzi. Zina mwa mbandezi anafesa ndi akaidi. Ntchito imeneyo inayamba mu 2014 kundende ya Snake River ku Oregon, mogwirizana ndi bungwe la Institute for Applied Ecology ndi nthambi yoyang'anira malo a boma ya Bureau of Land Management, ndipo inafalikira kundende za zigawo zina. Ndimailemekeza kwambiri. Koma amene anadzalapo mbande pansi pouma gwaa, kukumba, kuika, kupondera, kenako n'kuweramuka kuyang'ana chigwa chakuda mpaka kumene maso alekezera, amadziwa kuti manja sangapikisane ndi moto wa tsiku limodzi. Ngakhale mbande igwire, pamapita zaka zambiri isanafike msinkhu woti thadzi n'kubisapo chisa, ndipo kuti tchire lonse libwerere mwakale pamafunika zaka makumi angapo.

Pali zina zing'onozing'ono zimene zimathandiza msanga. Mbalamezi zimauluka chapansipansi kukadali kamdima ndipo zimadzigunda pawaya wa mipanda ya ng'ombe. Kuno ku Idaho, Bryan Stevens anayesa kukoloweka tizidutswa ta pulasitiki toyera pawaya wapamwamba, ndipo kugundako kunatsika ndi 83 peresenti. Ku Wyoming, gulu la Gail Patricelli linaika masipika pamabwalo n'kumaulutsa phokoso lojambulidwa kumigodi ya gasi: phokoso la makina obowola linachepetsa atambala ndi 29 peresenti, la magalimoto apamsewu ndi 73 peresenti. Zotsatira ngati zimenezi n'zimene zimapatsa mphamvu malamulo oletsa ntchito zaphokoso pafupi ndi mabwalo m'mamawa. Kwinanso akuyala miyala ndi kukhoma zikhomo m'timitsinje tokumbika kuti madzi azichedwa, madambo akhale obiriwira mpaka chilimwe, poti anapiye amakulira pa tizilombo ndi timaluwa tofewa ta m'malo onyowa. Madambo ambiri otere ali m'minda ya alimi a ng'ombe, choncho popanda iwo ntchito siingayende. Pulogalamu ya Sage Grouse Initiative, imene unduna wa zaulimi unayambitsa mu 2010, inamangidwa pamfundo imeneyi.

Chaka chomwecho cha 2010 bungwe la U.S. Fish and Wildlife Service linavomera kuti mbalameyi ndi yoyenera kutetezedwa ndi lamulo la zamoyo zimene zili pangozi, koma linati pali zina zofunika kuyambira. Alimi, makampani a mafuta ndi maboma a zigawo anachita mantha ndi zoletsa zimene zikanabwera, ndipo manthawo ndi amene anakhazika anthu pansi. Mu Seputembala 2015 Sally Jewell, amene anali nduna yoyang'anira malo a boma, analengeza kuti mbalameyi siilowanso pamndandanda wa zamoyo zotetezedwa ndi lamulolo, chifukwa mapulani 98 a kagwiritsidwe ntchito ka malo a boma anali atakonzedwanso kuti aiteteze. Kuchokera pamenepo boma lililonse lolowa limasintha mapulaniwo, milandu ili m'makhoti, pamene tchire likunka lichepa. Lipoti la mu 2022 linati chaka chilichonse maekala pafupifupi 1.3 miliyoni a sagebrush wabwino akuwonongeka, ndipo mbali yaikulu ndi ya udzu wachilendo, moto ndi mitengo yolowerera ija.

Lipoti lomwelo linalimbikitsa kuti ndalama ziyambire kuteteza madera amene adakali athunthu, kenako kuwakuza pang'onopang'ono kuchokera m'mphepete, m'malo mothamangira kumene kwawonongeka kotheratu. Ndikugwirizana nazo, ngakhale zimandiwawa, chifukwa tanthauzo lake n'lakuti madera ena tawataya. Mukayenda pamsewu wa I-84 kuchoka ku Boise kupita ku Mountain Home, mbali zambiri muona udzu wofiirira wokhawokha pamene kale panali zitsamba. Kumeneko nkhani ya mbalame inatha, chimene akulimbana nacho ndi chakuti moto usadumphire kwina. Amalima mizere yotchinga moto, ina n'kudzalamo forage kochia, chomera chimene chimakhala chobiriwira m'chilimwe ndipo sichiyaka msanga.

Apa pokha m'pamene mtima wanga sunakhazikike. Forage kochia nayenso ndi wochokera ku Europe ndi Asia, ndipo ofufuza ena anamuona akutuluka m'mizere imene anadzalidwa n'kulowa m'tchire loyandikana nalo, kuno kumwera kwa Idaho kumene kulinso kaduwa kosowa kotchedwa slickspot peppergrass. Ozimitsa moto amati popanda mizere imeneyi alibe poima moto ukabwera ndi mphepo, ndipo ine amene ndinaona chigwa chopsa sindingawatsutse mopepuka. Chimene ndikanakonda n'chakuti m'mphepete mwa tchire limene lidakali lathunthu azingotchetcha kapena kudzala udzu wa konkuno, kochia asiyidwe kumadera amene cheatgrass anatenga kale, ndipo mzere uliwonse wodzalidwa ukhale ndi munthu woupima chaka ndi chaka kuti aone ngati chomeracho chikusuntha.