Loweruka la sipanala ndi thovu la sopo

Lero ndinadzuka m'mamawa manja akuyabwa ntchito. Sitovu yathu yatsopano ya gasi inafika dzulo madzulo, yaikulu ndithu, ya malo anayi ophikira ndi uvuni kunsi kwake, ndipo inagona m'katoni pakati pa khitchini ngati mlendo amene sanamuyalire. Mayi a kunyumba anati tiitane mmisiri. Ine ndinangoseka. Zaka zonsezi takhala tikuphikira pa kasitovu kapatebulo, ndipo gasi akatha ndimasintha silinda ndekha: kutseka, kuchotsa regulator yochepetsa mphamvu ya gasi ija, kuibwezera pa silinda yodzadza, basi. Nanga chachilendo n'chiyani pa paipi imodzi yomweyo?

Alamu anga anatulukira cha m'ma 8 koloko, ndipo ndi amene anathira mafuta pamoto. "Alamu, izi n'zosavuta. Ndinaonera pa YouTube, mphindi 10 zokha watha. Yanga ija ndinalumikiza ndekha chaka chatha." Munthu akamakulimbikitsa pa chinthu chimene mtima wako wafuna kale, mawu ake amatsekemera.

Kabuku ka malangizo ndinakaponya pamwamba pa firiji osatsegula. M'katonimo munalinso kathumba ka pulasitiki kokhala ndi tinthu ta mkuwa, tating'ono kuposa chikhadabo. Alamu anati n'tasipeya. Ndinatiponya m'dirowa ya masupuni.

Kulumikiza sikunatenge nthawi. Ndinatenga paipi ya kasitovu kakale kaja, n'kuidutsitsa kuseri kwa uvuni kuti isaoneke, kenako ndinamanga nati ndi sipanala mpaka dzanja kuwawa, poganiza kuti kulimbitsa kwambiri ndiye kusamala. Nditayatsa, moto unatuluka inde, koma wamtali, wachikasu, ukuvina ndi kulira. Pasanathe mphindi zitatu ketulo inali itada bii kunsi ndi mwaye. Alamu anati, "Ndi yatsopano, izolowera." Mayi a kunyumba anali ataima pakhomo, manja m'chiuno. "Bambo, sitovu si nsapato kuti izolowere. Tsekani silindayo."

Ndinatseka.

Mmisiri anafika masana. Bambo achikulire, osachulutsa zonena, chikwama cha zida chili paphewa. Asanakhudze chilichonse anatsegula mawindo ndi chitseko chakumbuyo, kenako anagwada kuseri kwa sitovu n'kuwerenga kachikwangwani komatidwa pamenepo, kamene ine sindinakaone n'komwe. Atadzuka anandifunsa funso limodzi lokha: "Achimwene, kathumba ka majeti kali kuti?" Manyazi anandigwira ndikutsegula dirowa ya masupuni.

Apa ndi pamene tsiku langa linasanduka kalasi. Gasi wophikira sali wamtundu umodzi. Pali wina amene m'mizinda ina amabwera m'mapaipi apansi panthaka mpaka m'nyumba. Ameneyu kwenikweni ndi methane, ndipo amafika pa sitovu ndi mphamvu ya mamilibala pafupifupi 20. Wa m'silinda ndi propane kapena butane, kapena zonse ziwiri zosakaniza. Amatuluka mu regulator ndi mphamvu ya mamilibala 28 mpaka 37, komanso amatentha kwambiri kuposa winayo pa muyezo wofanana. Choncho kabowo ka jeti, kamene gasi amadutsira polowa pachoyatsira, kayenera kukhala kakang'ono zedi ngati ukugwiritsa ntchito silinda. Masitovu ambiri amachoka kufakitale ali ndi majeti a gasi wa m'mapaipi, ndipo a silinda amangowaika m'kathumba. Kachikwangwani kaja kanalemba G20, kutanthauza methane. Wa silinda amalembedwa G30 kapena G31. Ine ndinali kukankhira gasi wamphamvu pa mabowo aakulu, mpweya wosakaniza nawo n'kuchepa, n'chifukwa chake moto unali wachikasu.

Ndinati, "Ndiye vuto ndi mwaye basi?" Anapukusa mutu. Moto wosapsa bwino umatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo, wopanda mtundu. Umayamba ndi mutu kuwawa, chizungulire, tulo. Munthu amaganiza kuti watopa, n'kukagona m'nyumba yomweyo yotseka mawindo. Lawi labwino ndi labuluu, lalifupi, lokhazikika.

Anasintha majeti onse, lililonse pamalo pake poti amasiyana kukula, ndipo la mu uvuni linafuna kuchotsa chitsulo chapansi kuti alifikire. Kenako anazula mabatani opotokola aja n'kulowetsa kasikuludiraiva kowonda, kukonza kuti moto ukatsitsidwa mpaka pansi usazime wokha gasi n'kumatulukabe. Kanema wa alamu uja sananenepo zimenezi.

Koma chimene chinandiziziritsa m'nkhongono ndi thovu. Anapempha kapu ya madzi ndi sopo wotsukira mbale, anatakasa, n'kupaka polumikizira paliponse ndi kaburashi. Pa regulator panali zii. Pa nati yanga ija, imene ndinaimanga ndi mphamvu zanga zonse, thovu linayamba kufufuma pang'onopang'ono, kuphulika, kufufumanso. Atamasula anandionetsa kalabala kam'kati katafinyika mpaka kung'ambika. Kulimbitsa kwanga n'kumene kunaboola njira.

Chodabwitsa n'chakuti ine sindinamve fungo lililonse ndili chiimire. Anandiuza kuti ndigwade ndinunkhize pansi, ndipo pamenepo ndiye linalipo, lapatalipatali, ngati la mazira owola. Gasi mwa iye yekha sanunkha. Fungolo amachita kuthiramo dala kuti mphuno zitichenjeze. Ndipo gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya, sakwera kudenga ayi, amayenderera pansi ngati madzi n'kukadikha kuseri kwa makabati. Safunika kuchuluka. Akangokwana magawo awiri pa 100 aliwonse a mpweya wa m'chipinda, kakuthetheka kochokera mu switchi ya magetsi kapena mu firiji ikamadziyatsa n'kokwanira. N'chifukwa chake ukamva fungo sukhudza switchi, kaya kuyatsa kaya kuzimitsa. Umatseka silinda, kutsegula zitseko, n'kutuluka. Alamu anayesa kunena kuti ena amafufuza potuluka gasi ndi machesi. Bambo aja anangowayang'ana, osayankha, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Paipi nayo sinapulumuke. Inali itatsamira kumsana kwa uvuni, pamene pamatentha kwambiri ukamawotcha zinthu kwa ola lathunthu. Komanso anandionetsa chaka chosindikizidwa pa labalayo: inali itakwanitsa zaka 7, pamene opanga ambiri amalangiza kuisintha ikafika zaka 5. Ataipinda, timing'alu tinaonekera mbee. Anaika yatsopano, yaifupi, yodutsa pambali. Pomaliza anakhomera katcheni kukhoma kogwira sitovu kumbuyo, kuti mwana akakwera pachitseko cha uvuni isagubuduke ndi mapoto owira. Wathu wamng'onoyu amakwera chilichonse, ndiye apa sindinatsutse.

Akulongedza zida ndinafunsa, mwina pofuna kutolera ulemu wanga umene unatsala: "Ndiye gasi akatha tizikuitanani nthawi zonse?" Anaseka koyamba chifikireni. Anati ayi, kusintha silinda ndi ntchito ya mwini nyumba: iime chilili, osaigoneka, uone kalabala kapakamwa pake, ukamaliza upake sopo. Kasitovu kapatebulo kopangidwira silinda nakonso munthu wosamala atha kukalumikiza. Koma sitovu yaikulu yongofika kumene, majeti, uvuni, mapaipi achitsulo odutsa m'khoma, zimenezo n'zina. Ndikaganiza bwino, ndalama imene ndinawapatsa siinali yomangira nati. Nati ndinamanga ndekha m'mawa. Ndinalipira maso odziwa poyang'ana, chifukwa pa zolakwa zanga zinayi, ine ndinaona chimodzi chokha, ndipo nachonso ndikanachilekerera pakanapanda mayi a kunyumba.

Usiku uno, ana atagona, ndakhala ndikuwerenga za nyumba ina ya ku London yotchedwa Ronan Point. Inali yosanjikizana ka 22, yongotsegulidwa kumene. Pa 16 May 1968, m'bandakucha, mayi wina wokhala pansanjika ya 18 anakhwatcha machesi kuti awiritse madzi a tiyi. Gasi anaphulika, khoma lakunja linakankhika, ndipo ngodya yonse ya nyumbayo inagwa kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anthu anayi anafa, mayiwo anapulumuka. Kunena chilungamo, nyumbayo inamangidwa mofooka, ya makoma a konkire ongolumikiza, ndipo anaigwetsa mu 1986. Koma gasiyo anatulukira pa nati ya mkuwa yosakwanira muyezo yolumikiza paipi ku sitovu, imene ofufuza anapeza kuti iyenera kuti inang'aluka chifukwa chomangidwa mopitirira, ndipo anailumikiza ndi mnzawo wa mayiwo, pongothandiza. Ndinawerenga chiganizo chimenecho kawiri, dzanja langa likuwawabe ndi sipanala ya m'mawa. Patangopita zaka ziwiri, mu 1970, ku Britain kunakhazikitsidwa bungwe la CORGI lolembetsa amisiri a gasi, ndipo mu 2009 ntchitoyo inapita m'manja mwa Gas Safe Register. Kumeneko munthu saloledwa kugwira ntchito ya gasi yolipidwa ngati dzina lake mulibe m'kaundulamo, ndipo eni nyumba zalendi amayenera kupimitsa zipangizo za gasi chaka chilichonse.

Ndalemba tsiku la paipi yatsopano m'kati mwa chitseko cha kabati, ndipo kabuku kaja ndakatsitsa pa firiji. Nkhani ya majeti ilimo, patsamba lachitatu, ndi chithunzi chomwe.

Posachedwapa foni inalira. Alamu. Akufuna nambala ya bambo aja, akuti n'njothandizira mnzawo wa kuntchito. Ndawatumizira osafunsa zambiri. Ketulo ya kwawo ndimaidziwa, n'njakuda kunsi.