Mapu a Kanyama ndi nkhuku ya apongozi

Alamu anga atanditumizira laputopu ya MacBook Air kuchokera ku Johannesburg, ndinkayenda nayo ngakhale kumaliro. Ya 2020 ija, ya purosesa ya M1, yopyapyala bwino. Ndiye kabungwe kena kanandipatsa ganyu yoika pa mapu zitsime ndi zimbudzi za ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka. Kumeneko madzi a pansi ali pafupi, mvula ikagwa ziwirizi zimapatsana moni, kolera n'kubadwa. Mabwanawo anati ntchito ichitike pa pulogalamu ya mapu yotchedwa ArcGIS Pro basi. Ndinatchulako QGIS, yaulere, yoyenda pa Mac popanda vuto, koma anangondiyang'ana.

ArcGIS Pro, pulogalamu ya kampani ya Esri, imafuna Windows, Mac siyidziwa n'komwe. Boot Camp, njira yakale yoikira Windows pa Mac, pa M1 palibe. Mnyamata wina wokonza makompyuta cha ku Cairo Road anati, "Akulu, musadandaule, tiika Parallels." Ndiye kuti Windows 11 izikhala m'kati mwa Mac ngati lendi m'nyumba ya chipinda chimodzi, mwini nyumba ali momwemo, mphika umodzi.

Mphikawo ndi RAM, momwe kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo. Yanga ndi 8 GB. Mnyamatayo anagawa pakati, Windows 4, Mac 4. Pamene ArcGIS Pro payokha imafuna 8 GB kuti ingodzuka, ndipo eni ake amalangiza 32 GB, kuphatikiza khadi la zithunzi lokhala ndi 4 GB yakeyake. Kuwonjezera apo, pulogalamuyi inalembedwera mapurosesa a mtundu wa Intel, choncho pa M1 Windows iyenera kumasulira malamulo ake kaye. Ndinati tigule RAM ina tiwonjezere. Anaseka mpaka kugwira tebulo: RAM ya M1 ndi yomatirira, imene unagula nayo ndi imene udzafe nayo.

Kunyumba ku Chilenje ndinatsegula chithunzi cha setilaiti cha Kanyama. Ndikasuntha mapu pang'ono, ndinkapita kukasamba, pobwera n'kupeza theka la komboni likadali loyera. Ndipo Air imeneyi ilibe fani. Ikatentha imangochepetsa liwiro mwakachetechete, ntchafu zako zikupsa.

Apa mpamene ndinakumbukira firiji. Munali nkhuku yachikuda youma gwaa, imene amayi a Chisomo ankasungira apongozi anga, omwe anali atafika kuchokera ku Katete ndipo phwando lawo linali la Lamlungu. Ili linali Lachinayi. Ndinaikulunga m'thaulo, laputopu pamwamba. Musandiseke, zinathandiza! Zitsime zinayamba kuoneka, chimodzichimodzi. Ndinafika mpaka pogwira mbewa ndi mtima wa injiniya.

Pofika madzulo nkhuku inali itafewa, madzi ofiirira akuyenderera pa tebulo kulowera ku mapepala a mabwana, Windows n'kuuma pomwe ndinali ndisanasunge kanthu. Amayi a Chisomo analowa, anayang'ana nkhuku, anayang'ana ine, osanena kanthu. Kusanena kumeneko ndimakudziwa.

Tinadya ya Lamlungu pa Lachinayi. Apongozi, amene mwamwambo salankhula nane maso ndi maso, anatafuna mwendo pang'onopang'ono, kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Uwauze bambo a Chisomo kuti mawa m'mamawa ayatsenso makina awowo. Anditenthetsere madzi osamba, makala akwera mtengo."